Mitsempha Yotumiza Magazi ndi Mitsempha Yobweza Magazi

M'Chichewa liwu lakuti mtsempha limasenza katundu wambiri. Chingwe cholimba chimene chili kuseri kwa chidendene chimatchedwa mtsempha. Tiulusi toyera timene timafikitsa uthenga wa ululu ku ubongo timatchedwanso mitsempha. Njira zimene magazi amayendamo nazonso ndi mitsempha. Chifukwa cha ichi anthu ambiri amayesa kuti mitsempha yonse ndi imodzimodzi, pamene sizili choncho. Phunziro la mwezi uno likunena za mitsempha ya magazi yokha, ndipo cholinga chake ndi kusonyeza kuti iyo ilipo mitundu iwiri ikuluikulu, yosiyana kapangidwe ndiponso ntchito.

Nkhaniyi si ya ana a sukulu okha. Anthu a ku Khonjeni ndi midzi yozungulira, monganso ena ambiri m'boma la Thyolo, amakhalira zida zakuthwa: mpeni wodulira tiyi, chikwanje, chikwakwa, nkhwangwa ndi khasu. Munthu akatemeka m'munda, amene amayamba kumthandiza si dokotala kapena namwino, koma mnzake amene ali naye pafupi. Zimene mnzakeyo achite m'mphindi zoyambirira zingapulumutse moyo, kapena kuwonjezera ngozi. Kuti achite zoyenera, ayenera kudziwa mmene mitundu iwiriyi ya mitsempha inapangidwira.

Ulendo wa magazi

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Mtima wake, umene kukula kwake kumafanana ndi chibakera chake, umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi pamene iye akupumula, ndipo pa tsiku umagunda pafupifupi ka 100,000. Pa kugunda kulikonse umakankha magazi kuti apite ku ziwalo zonse, atanyamula chakudya ndi mpweya wabwino wotchedwa okosijeni.

Mitsempha imene imachotsa magazi kumtima kupita nawo ku ziwalo ndiyo mitsempha yotumiza. M'Chingerezi madokotala amautcha mtsempha wotere artery. Waukulu koposa yonse ndi aorta, umene umatuluka pamtima penipeni ndipo m'mimba mwake ndi masentimita awiri ndi theka kapena atatu. Kuchokera apo mitsemphayi imagawikana monga nthambi za mtengo, nimka nichepa, mpaka isanduka timitsempha tosaoneka ndi maso. Khoma la timitsemphati ndi lopyapyala kwambiri, kotero kuti chakudya ndi okosijeni zimadutsa n'kulowa m'mnofu, ndipo zotsalira zosafunika zimalowa m'magazi.

Timitsemphati timakumananso monga timifuleni tothira mumtsinje, n'kupanga mitsempha imene imabwerera kumtima. Imeneyi ndiyo mitsempha yobweza, ndipo dzina lake m'Chingerezi ndi vein. Munthu akakhala phee, mtima umapopa pafupifupi malita 5 pa mphindi imodzi. Izi zikutanthauza kuti magazi onse a m'thupi amazungulira kamodzi pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku.

Kusiyana kwa khoma

Khoma la mtsempha wa mtundu uliwonse lili ndi magawo atatu osanjikizana. M'kati muli kakhungu kosalala kamene kamalola magazi kuyenda popanda kuundana. Pakati pali mnofu ndi ulusi wotanuka ngati mphira. Kunja kuli chikuto cholimba chimene chimamangirira mtsempha ku ziwalo zoyandikana nawo. Kusiyana kwakukulu kuli pa gawo la pakatilo.

Mtsempha wotumiza umalandira magazi ndi mphamvu yonse ya mtima. Kotero gawo lake la pakati ndi lochindikala. Mtima ukagunda khomalo limatanuka, ndipo ukapumira limabwerera, n'kumakankha magazi kutsogolo. Kutanuka ndi kubwerera kumeneku ndiko kugunda kumene munthu amamva akaika zala ziwiri pamkono, cha kumbali ya chala chachikulu, kapena m'mbali mwa khosi.

Mtsempha wobweza umalandira magazi amene mphamvu yawo yatha kale m'timitsempha tating'ono tija. Sufuna khoma lochindikala. Khoma lake ndi lopyapyala ndi lofewa, koma njira yake ya m'kati ndi yotakasuka. Chifukwa cha kutakasukaku, mitsempha yobweza ndiyo nkhokwe ya magazi: pa nthawi iliyonse imasunga pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a magazi onse a m'thupi.

Aliyense angathe kuona kusiyanaku pa tsiku limene mbuzi yaphedwa pamudzi. Wotumbula akachotsa zam'kati n'kuyang'ana m'mbali mwa fupa la msana, adzaona mtsempha woyererapo, wolimba ngati paipi ya mphira. Akaudula, kamwa lake limakhala lotseguka. Umenewo ndi wotumiza. Pambali pake adzaona wina wofewa, wakuda ndi magazi, umene ukadulidwa umaphwa ngati thumba lopanda kanthu. Umenewo ndi wobweza. Agiriki akale, poona kuti m'mitembo mitsempha yolimbayi imapezeka yotseguka ndi yopanda magazi, ankayesa kuti imanyamula mpweya, ndipo panapita nthawi yaitali chisokonezo chimenechi chisanathe.

Kusiyana kwina kuli pa malo ndi mtundu wa magazi. Mitsempha yotumiza ikuluikulu inabisika m'kati mwa mnofu, pafupi ndi mafupa, ndipo imayandikira khungu m'malo owerengeka okha monga pamkono, m'khosi, kukhwapa ndi m'mphechepeche. Mitsempha yobweza ilipo ya m'kati, koma yambiri ili kunsi kwa khungu, ndipo ndiyo imene imaoneka pamsana pa dzanja ndi pamiyendo. Magazi a m'mitsempha yotumiza ndi ofiira kwambiri chifukwa ali ndi okosijeni wochuluka, pamene a m'mitsempha yobweza ndi ofiira moderapo. Pamapapo pokha ndi pamene zinthu zimatembenuka: mtsempha wochoka kumtima kupita ku mapapo umanyamula magazi oderapo kuti akalandire okosijeni, ndipo yobwerako imanyamula ofiira. Kotero dzina la mtsempha limatsata kumene magazi akulowera, osati mtundu wawo.

Tizitseko ta m'mitsempha yobweza

Pali funso limene munthu woganiza angafunse. Ngati magazi a m'mitsempha yobweza alibe mphamvu, amakwera bwanji kuchokera kuphazi kufika kumtima, mtunda woposa mita imodzi, munthu ali chiimire?

Yankho lake lili pa zinthu ziwiri. Choyamba, m'kati mwa mitsempha yobweza ya m'miyendo ndi m'mikono muli tizitseko tating'ono, tiwiritiwiri, timene timatseguka kulowera kumtima kokha. Timagwira ntchito monga mono wa nsomba: cholowa chimapitirira, koma chobwerera sichipeza njira. Chachiwiri, mitsempha ya m'kati imadutsa pakati pa minofu. Munthu akamayenda, akatumba a m'miyendo amafinya mitsemphayo, magazi amakwera, ndipo tizitseko timatseka kuti asatsikenso. Kupuma nakonso kumathandiza kukoka magazi kulowa m'chifuwa. Mitsempha yotumiza ilibe tizitseko totere m'njira yake, kupatula pamene ikutulukira pamtima, pakuti mphamvu ya mtima ndi yokwanira.

Tizitsekoti tinafotokozedwa m'chaka cha 1603 ndi mphunzitsi wa udokotala wa ku Padua, m'dziko la Italy, dzina lake Fabricius. Wophunzira wake, William Harvey wa ku England, ndiye anamvetsa tanthauzo lake, ndipo m'chaka cha 1628 anasindikiza buku losonyeza kuti magazi amazungulira m'thupi. Harvey anamwalira mu 1657 asanaone timitsempha tolumikiza mitundu iwiriyi. Amene anatiwona ndi Marcello Malpighi mu 1661, atayang'ana mapapo a chule ndi galasi lokulitsa zinthu.

Umboni umodzi umene Harvey anapereka ungayesedwe ndi aliyense, ngakhale pa benchi podikira namwino. Munthu atsitse dzanja mpaka mitsempha ya pamsana pake ioneke bwino. Asankhe umodzi wowongoka, aupanikize ndi chala chimodzi cha kumbali ya zala, ndipo ndi chala china akankhe magazi kulowera kumkono, kenaka achotse chala chachiwiricho. Mbali ina ya mtsemphawo idzakhala yophwa, chifukwa kachitseko kakukaniza magazi kubwerera. Akachotsa chala choyamba, mtsempha udzadzaza nthawi yomweyo kuchokera kumbali ya zala.

Pamene munthu wavulala

Bala limasonyeza lokha mtundu wa mtsempha umene wadulidwa. Ngati ndi wotumiza, magazi ofiira kwambiri amatumphuka modukizadukiza, motsatira kugunda kwa mtima. Ngati ndi wobweza, magazi oderapo amayenderera mosalekeza. Ngati ndi timitsempha ta pakhungu, magazi amangochucha ndipo amaleka okha. Mabala akuya kawirikawiri amadula mitundu yonse pamodzi.

Mtsempha wotumiza waukulu, monga wa m'ntchafu, ungaphe munthu m'mphindi zowerengeka. Munthu wamkulu akataya lita imodzi ya magazi amayamba kufooka, ndipo akataya malita 2 moyo wake uli pa ngozi yaikulu. Zizindikiro zake ndi chizungulire, thukuta lozizira, ludzu, kupuma mofulumira ndi kugunda kothamanga koma kofooka. Madzi akatayika saoleka, ndipo magazi otayika m'munda sabwerera m'thupi. Choncho ntchito yoyamba, machira, njinga kapena ambulansi isanafike, ndi kuletsa magazi. Wothandiza achite izi:

1. Amgoneke wovulalayo pansi, ndipo atume wina kukafuna mayendedwe.

2. Avale jumbo yoyera m'manja ngati ilipo, kuti asakhudze magazi.

3. Apinde chitenje kapena nsalu ina yoyera, aiike pabala penipeni, n'kupanikiza ndi mphamvu yonse. Ngati bala ndi lakuya, alowetse nsaluyo m'balamo ndi kupanikiza pamwamba pake.

4. Apanikize kwa mphindi zosachepera 10 popanda kusuzumira. Magazi akadutsa, asachotse nsalu yoyambayo, koma aike ina pamwamba.

5. Ngati fupa silinathyoke, akweze mwendo kapena mkono wovulalawo kuposa pamene pali mtima.

6. Ngati mpeni, galasi kapena mtengo watsalira m'bala, asauzule. Apanikize m'mbali mwake.

7. Amfunditse wovulalayo, ndipo asampatse chakudya kapena chakumwa, pakuti kuchipatala angafunike opaleshoni.

Dothi, ndowe, phulusa ndi masamba otafuna siziyenera kuikidwa pabala. Siziletsa magazi a mtsempha waukulu, ndipo zimalowetsa tizilombo, makamaka toyambitsa kafumbata. Wovulala apite naye ku chipatala chimene chili pafupi. Ngati bala ndi lalikulu, chipatala chaching'ono monga cha pa Khonjeni chimatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo.

Za kumanga mwendo kapena mkono

Anthu ambiri akaona magazi amathamangira luzi, linya kapena mphira ya chubu n'kumanga kumtunda kwa bala. Apa ndi pamene phunziroli lili lofunika koposa. Chingwe chomangidwa mwamphamvu pang'ono chimatseka mitsempha yobweza yokha, popeza ndi yofewa ndiponso ili pafupi ndi khungu. Mtsempha wotumiza, wa khoma lolimba ndi wobisika m'kati, umapitiriza kubweretsa magazi. Magaziwo amalowa, koma njira yobwerera yatsekedwa, ndipo potulukira pamene atsala napo ndi pabala. Mapeto ake wovulala amataya magazi ochuluka kuposa mmene akanatayira popanda chingwecho. Ndi chifukwa chomwechi namwino amamanga mkono mofewa asanatenge magazi: akufuna kuti mtsempha wobweza udzaze n'kuonekera.

Kumanga kuli ndi malo ake, koma ndi njira yotsiriza, pamene magazi akutumphuka pamwendo kapena pamkono ndipo kupanikiza kwalephera, kapena pamene chiwalo chadukiratu. Pamenepo pafunika nsalu yotambalala masentimita 5, osati chingwe kapena waya zimene zimacheka mnofu. Imangidwe pakati pa bala ndi mtima, mtunda wa zala zitatu kapena zinayi kumtunda kwa bala, koma osati pabondo kapena pachigongono. Kamtengo kolimba kalowetsedwe pamfundo ndi kupotokoledwa mpaka magazi aleke. Zimapweteka kwambiri, koma kumanga kosaletsa magazi n'kopanda phindu. Wothandiza akumbukire nthawi imene wamanga, asamasule m'njira, ndipo akauze achipatala nthawiyo, pakuti chiwalo chikakhala chomangidwa kupitirira maola 2 chimayamba kuwonongeka. Pa kulumidwa ndi njoka, kumanga kotere n'kosayenera.

Mitsempha yotupa ya m'miyendo

Popeza mitsempha yobweza imadalira kuyenda kwa minofu, kuimirira malo amodzi nthawi yaitali kumailemetsa. Wothyola tiyi amene amakhala chiimire ndi dengu kumsana, wogulitsa pamsika, mlonda ndi mphunzitsi, onsewa magazi awo amachedwa m'miyendo. Pakapita zaka, khoma lopyapyala lija limatanuka, tizitseko sititsekanso bwino, ndipo mitsempha imatupa n'kupindikapindika pansi pa khungu. Vutoli limayendanso m'mtundu, ndipo limachuluka mwa amayi oyembekezera chifukwa magazi awo amawonjezeka ndiponso chiberekero chimapanikiza mitsempha ya m'chiuno.

Munthu wotere azisuntha mapazi ndi kunyang'ama pa zala nthawi ndi nthawi pamene ali pantchito. Madzulo agone chagada, miyendo itasanjikidwa pamtolo wa zovala kuposa pamene pali mtima, kwa mphindi 15 kapena 20. Asamange miyendo ndi zinthu zothina, ndipo asalole kutemedwa mphini pamtsempha wotupa, pakuti umatulutsa magazi ambiri ndipo bala lake limachedwa kupola. Mtsempha wotere ukaphulika, agone pansi, akweze mwendo ndi kupanikiza pabala.

Ngozi yoposa apa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha yobweza ya m'kati. Kumachitika kawirikawiri mwa mayi amene wangochira kumene, mwa wodwala amene wagona masiku ambiri, ndi mwa munthu amene wakhala nthawi yaitali m'basi, monga pa ulendo wa ku Johannesburg. Mwendo umodzi umatupa, kupweteka ndi kutentha. Usasisitidwe, chifukwa magazi oundanawo angathothoke n'kukatseka njira ya ku mapapo. Wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati akubanika kapena kumva kupweteka m'chifuwa. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumpweteka ndi kusaona bwino, nayenso asadikire tsiku la sikelo.

Matenda a mitsempha yotumiza

Mitsempha yotumiza ili ndi mdani wake, ndiye kuthamanga kwa magazi. Namwino akamanga lamba pamkono n'kumupopa, amayeza mphamvu imene magazi akukankhira khoma la mtsempha wotumiza. Nambala yapamwamba ndi ya pamene mtima wagunda, yapansi ndi ya pamene wapumira. Muyezo wabwino uli cha pa 120 ndi 80. Ukapezeka pa 140 ndi 90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, munthuyo ali ndi vuto lofuna chithandizo.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: munthu amaoneka wamphamvu pamene khoma la mitsempha yake likuuma ndi kuchepa njira. Mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa kupotoka ndi kulephera kulankhula. Ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa, n'kutaya maola amene akanampulumutsa kuchipatala. Vuto lomweli limawononganso mtima, impso ndi maso.

Fodya, mchere wambiri, mowa wambiri, kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga zimafulumizitsa kuwonongekaku. Mchere wa tsiku lonse wa munthu wamkulu usafike magalamu 5, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale m'ndiwo. Munthu wamkulu aliyense akafika kuchipatala pa chifukwa china chilichonse, apemphe kuti amuyeze. Amene anapatsidwa mankhwala asaleke kumwa poona kuti akupeza bwino.

Zofunika kukumbukira

Mtsempha wotumiza ndi wa khoma lochindikala, umagunda, ndi wobisika, ndipo ukadulidwa magazi amatumphuka. Mtsempha wobweza ndi wa khoma lopyapyala, uli ndi tizitseko, umaoneka pakhungu, ndipo ukadulidwa magazi amayenderera. Woyambawo umasamalidwa pochepetsa mchere, kuleka fodya ndi kuyezetsa. Wachiwiriwo umasamalidwa poyenda ndi kukweza miyendo. Pa bala lililonse, chithandizo choyamba ndi dzanja lopanikiza pansalu yoyera.

Alangizi a zaumoyo ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi angagwiritse ntchito mafunso awa pokambirana ndi anthu:

1. N'chifukwa chiyani kugunda kumamveka pamkono, koma osati pamitsempha yooneka pamsana pa dzanja?

2. Chimachitika n'chiyani munthu akamanga luzi mofewa kumtunda kwa bala?

3. Mayi amene wachira kumene watupa mwendo umodzi. Achibale ake achite chiyani, ndipo apewe chiyani?